Tebulo Losakwana Pakhomo

Holo ya Misonkhano ya Namasile siinayambe ngati holo. Poyamba inali shedi yofotetseramo masamba a tiyi, esiteti ya kumeneko isanagwe. Kenako azungu a m'maesiteti anaiika mawindo n'kuisandutsa kalabu yomweramo. Ndi iwowo amene anatuma amuna makumi anayi kuphiri kukatsitsa mtengo umodzi wa mkungudza, amisiri n'kukhomera tebulo mkati mwa nyumbayo momwemo. Azungu atapita munalowa mileme. Milemeyo inasamuka chaka chimene mabungwe anafika ndi magalimoto oyera, ndipo kuyambira pamenepo umphawi wa Mulanje wakambidwa pa tebulo limenelo maulendo mazanamazana. Umphawiwo mwini wake amakhala panja pa geti, kugulitsa zinanazi kwa amene akuukambawo.

Komatu wina asakunamizeni kuti Holoyo ilibe phindu. Maresitihausi asanu anamera chifukwa cha iyo. Akabaza amadziwa kalendala ya masemina kuposa amene amawakonza. Ngakhale mbuzi za ku Milonde zimayamba kuwonda ndi nkhawa zikamva kuti ku Namasile kwafika alendo a masiku atatu.

Lachiwiri m'mawa Sajeni Tamanda Muhiwa, wapolisi wofufuza milandu, anapeza a Kingstone Namacha ataima pa masitepe a Holo, dzanja lili pamtima ngati akuimba nyimbo ya fuko. Kalata yawo ya ntchito inkati manijala, koma pa chitseko cha ofesi analembetsapo kuti Dayirekitala, ndipo ankavomera dzina lachiwirilo basi.

"Ofisala, pano sipanabedwe tebulo ayi. Pabedwa mbiri ya boma lino."

"Mbiriyo inali ndi miyendo ingati?" anafunsa Tamanda akutsegula kabuku kake.

"Isanu ndi itatu."

"Mwazindikira liti kuti palibe?"

Apa a Namacha anatsokomola. Amene anazindikira sanali iwo. Dzulo lake wapampando wa komiti ya Holo, a Spencer Mulepa, mphunzitsi wamkulu wopuma, anabwera kudzaona zokonzekera msonkhano wa Lachinayi, msonkhano waukulu wa mayiko atatu wokambirana zoteteza mkungudza. Mkuluyo anatsamira pa tebulo la alendo olemekezeka, tebulo n'kugwedera ngati lamwa. Atavundukula nsalu anapeza matebulo anayi a pulasitiki atalumikizidwa ndi linya.

"Anayala nsaluyo ndani?"

"Emma Likaya, wosesa. Iyeyo ndiye ali ndi kiyi wa khomo la kumbali."

"Inu masiku onsewa simunaone kanthu?"

"Ofisala, ine ndimayang'ana masomphenya a Holo. Za kunsi kwa nsalu zili ndi eni ake." Anakonza tayi. "Ntchito ndamuchotsa kale. Pofika Lachinayi masana akhale atatuluka m'nyumba ya Holo. Mbali yanu n'kungomutenga, makamaka alendo asanafike. Sitifuna zithunzi zoipa."

Tamanda analemba mawu akuti zithunzi zoipa, n'kuwadula mzere kunsi. Sanali umboni wa chilichonse, koma anamusangalatsa.

* * *

Kanyumbako kanali kuseri kwa Holo, pafupi ndi thanki ya madzi. Mayi Emma anali atakhala pakhomo, miyendo atatambasula, akusenda nandolo m'lichero. Kunalibe thumba lomangidwa ngakhale limodzi. Pa chingwe panali zovala zochapidwa m'mawa womwewo.

"Mosheliwa, mayi," anatero Tamanda, kuwapatsa moni wa Chilomwe.

"Moniwo mwautchula bwino, koma unyolo uli m'chikwama chanucho ndauona. Khalani pa mpandopo."

"Simukulongedza?"

"Ndilongedze ndikupita kuti? Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndili pano. Zidzukulu ziwiri zili ku sukulu, zibwera zidya pano." Anamasula mfundo ya pa ngodya ya chitenje n'kutulutsa kiyi. "Dzulo abwana anandibweretsera pepala. Akuti ndisayine kuti kiyi ndinataya, nkhani ithere pomwepo, apolisi asabwere. Ndinawauza kuti kiyi ndi uyu, sanataike, ndipo chala changa sichidinda bodza."

"Koma nsalu munayala ndinu."

"Ndinayala. Ndi linya ndinamanga ndine. Anandituma."

Anafotokoza mosathamanga, manja osasiya nandolo. Masabata atatu apitawo, Lachisanu, a Namacha anawapatsa tchuthi cha masiku awiri kuti akaone mlongo wawo ku Limbuli, ndi ya basi yomwe. Zaka zonsezo tchuthi ankangochimva kwa anzawo a ku chipatala. Pobwera Lolemba anapeza tebulo palibe, m'ming'alu ya simenti muli utuchi. Atafunsa anauzidwa kuti lapita ku Limbe kukapakidwa vanishi, ayambe ayalapo a pulasitiki.

"Munakhulupirira?"

"Ayi."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Kwa yani? Wamkulu wa pano ndi yemweyo amene anandiuzayo. Ine ntchito yanga n'kusesa, ndinasesa."

"Analipo wina pamene ankakuuzani za ku Limbe?"

"Tsache."

Analowa onse awiri m'Holo. Pansi, pamene panali miyendo isanu ndi itatu, panatsala mabwalo asanu ndi atatu otuwa pakati pa simenti yofiira. Tamanda anayeza ndi mapazi, kutalika ndi kufupika komwe, kenako anakayeza khomo la kumbali. Anapita pa khomo lalikulu n'kuyezanso. Anabwereza.

"Musadzivute," anatero mayi Emma. "Chaka chimene kunabwera abishopu anafuna kulitulutsira pa bwalo. Amuna khumi ndi awiri analigoneka, analiimika, analipendeketsa, mpaka wina anathyoka chala. Linakana. Linabadwira muno limene lija."

Ndiye kuti silinatuluke lamoyo, anaganiza Tamanda. Analichekera momwemo, ndipo kucheka thabwa lochindikala choncho si ntchito ya munthu wolowa monyang'ama ndi kiyi wobwereka. Anawerama n'kukanda mng'alu ndi chipanera cha m'mutu. Munatuluka utuchi pang'ono, wina woyera, wina wofiira.

"Mkungudza sukhala wofiira chonchi."

Kwa nthawi yoyamba mayi Emma anayang'ana kumbali. "Ameneyo ndi polishi wanga."

"Polishi wanji?"

"Wapansi. Ndimasungunula makandulo, n'kuthira parafini ndi okusaidi wofiira. Wa matebulo ndakhala ndikupempha chilowereni ntchito, mamanijala anayi, palibe anagulapo. Ndiye Lachisanu lililonse ndikamaliza simenti ndinkapitiriza pa tebulo."

"Zaka makumi awiri ndi ziwiri?"

"Linkawala, mwanangu. Bwana wina wa ku Lilongwe ananyamukapo zigongono zili psuu, n'kumauza anzake kuti umo ndi mmene umadziwikira mkungudza weniweni."

Potuluka Tamanda anasuzumira mu ofesi ya Dayirekitala n'kufunsa kumene anali Loweruka la masabata atatu apitawo.

"Ku Blantyre, ku semina ya utsogoleri," anayankha a Namacha osaphethira. "Ndinachoka kusanache, ndinabwera Lamulungu."

* * *

Pa geti panali amayi asanu ndi mmodzi, koma pakamwa pawo onse panali pa mayi Millie, mwini wa mulu waukulu wa zinanazi. Anamuona Tamanda ali patali n'kuyamba kunola mpeni pa mwala.

"Asisi, ngati n'chinanazi sankhani. Ngati ndi mafunso, atha dzulo."

"Loweruka lija mayi Emma kulibe, inu munali pano?"

"Ine Loweruka ndi Lolemba sindisiyanitsa. Ndimadziwa tsiku la semina ndi tsiku lopanda semina."

"Simunamve kanthu m'Holomo?"

"Tamverani kuno, a polisi. Mwana wanga ali folomu fili chifukwa cha geti ili. Malata a pa nyumba yanga anagula ndi anthu a semina ya jenda. Mabungwe akamva kuti ku Namasile kuli umbava, asamukira ku Thyolo, ndiye inu muzidzabwera kudzagula milu isanu patsiku? Tebulo n'chiyani? Anthu aja angathe kukambirana ataimirira, bola alawansi."

Amayi enawo anaseka, koma kuseka kwake kosafika patali.

"Chabwino," anatero Tamanda akutseka kabuku. "Lachinayi ndidzawatenga mayi Emma. Umboni umene ulipo ukuloza iwo. Zidzukuluzo mudzaone pozigoneka."

Mpeni unaleka kulira pa mwala. Mayi Millie anasenda chinanazi chimene palibe anachiitanitsa, anachidula panayi, n'kumupatsa Tamanda chidutswa.

"Emma uja ndi wouma mutu," anatero. "Madzi a pa mpope wa Holo abwana amatiletsa kutunga, koma iye amatitungira m'ndowa yokolopera n'kumadutsa nayo pamaso pa abwana. Mulembe, koma dzina langa mulilembe mopendeketsa."

Loweruka limenelo, cha m'ma naini, a Namacha anatulukira pa geti atavala thirakisuti. Anawathamangitsa onse kuti m'Holo mupoperedwa mankhwala a mphemvu, ndipo poizoni wake amalowa m'zipatso. Amayi enawo anapita ku msika. Mayi Millie anangowoloka msewu n'kukayala pa mlatho.

"Mankhwala a mphemvu a masiku ano, asisi, amalira ngati sowo ya injini. Analira mpaka dzuwa kupendeka. Kenako inatuluka pikapu yofunditsidwa tenti, n'kukhotera msewu wa ku Likhubula."

"A Namacha akuti anali ku Blantyre."

"Blantyre wake ndiye wasendera pafupi. Anaima pa mlatho pomwepo n'kugula zinanazi ziwiri. Ananenerera mpaka ndinawachotsera."

* * *

Lachitatu Tamanda anavala chitenje n'kukwera njinga yamoto kupita ku Likhubula. Kumeneko, m'munsi mwa phiri, osema ali ndi timashedi tawo m'mbali mwa msewu, ndipo onse ali ndi matenda amodzi: akamva funso la kumene matabwa achokera amagontha makutu onse awiri. Mkungudza ndi woletsedwa kudula, ndipo malinga ndi osemawo palibe amene anaudulapo. Umangopezeka.

Tamanda sanafunse munthu. Anayenda kuseri kwa timashedi akuyang'ana milu ya zopalapala. Pa shedi yachinayi, pakati pa zoyera, panali zopotana zofiira mbali imodzi. Anatola chimodzi n'kununkhiza. Kunsi kwa fungo la mkungudza kunali parafini.

Mwini shedi, a Hussein, bambo wa ndevu zaimvi ndi kapensulo kukhutu, anamuyang'ana nsapato n'kudziwa ntchito yake.

"Achemwali, musanayambe. Wallahi, mtengo umenewo sunatsike phiri chaka chino. Sunatsike ngakhale chaka chimene ine ndinabadwa. A zankhalango abwere ayeze, ndi thabwa lakale, louma ngati fupa."

"Sindinabwerere za kuphiri. Linali tebulo."

"Kuti linali tebulo ndinaona. Ine ndinangomva chisoni." Anatenga chopalira chake n'kumuonetsa mpeni wake. "Katatu patsiku ndimachotsa phula apa. Zaka makumi atatu ndikusema, sindinaonepo mkungudza wozunzidwa chonchi. Amene ankaupaka zimene zija, Mulungu amukhululukire, ine zandikanika."

"Munapanga chiyani?"

"Timabokosi makumi asanu ndi limodzi, ine ndi anzanga awiri. Mphatso za alendo. Pa chivundikiro tinawotchapo mawu amene anatilembera." Anafunafuna m'thumba n'kutulutsa kapepala. Panalembedwa kuti TETEZANI MKUNGUDZA WATHU.

Tamanda anawerenga kawiri. Pa ntchito yake anali ataonapo wakuba mbuzi akuthandiza nawo kuifunafuna, koma uyu anali wa kalasi ina.

"Anabweretsa matabwa ndani?"

"Anati ndi ake, a malemu bambo awo. Ine ndinamutchula kuti a manijala, anandikalipira. Akuti Dayirekitala."

"Mungakanene zimenezi pamaso pake?"

A Hussein anakanda ndevu nthawi yaitali. "Mawu a wosema mkungudza amalemera bwanji pamaso pa munthu wa tayi? Adzati sanandionepo. Koma thabwa silinama. Kufiirako kunalowa mkati, sikunathe konse. Mbali imeneyo tinailozetsa mkati mwa bokosi kuti isaoneke. Mutsegule lililonse, mukande pansi pake ndi chikhadabo."

"Mwatsala nalo limodzi?"

"Anawerenga yekha, anatenga onse dzana. Zidutswa zotsala anatolera m'thumba. Mawa m'mawa akugawira alendo."

Tamanda anayang'ana kapepala kaja. Pofika mawa madzulo tebulo lonse likhala lili m'masutikesi, lina likupita ku Lilongwe, lina ku Zambia, lina likuwoloka pa Muloza kulowa Mozambique.

"A Hussein, muli ndi malaya oyera?"

* * *

Lachinayi m'Holo munadzaza. Kutsogolo kunali mbendera zitatu, ndipo pa mpando uliwonse panali botolo la madzi, cholembera ndi kabokosi. Pambali panakhala bambo wotanthauzira alendo a ku Mozambique m'Chipwitikizi. A Namacha anali pa maikolofoni, suti yatsopano, akuwerenga mbiri ya Holo. Anali atafika pa amuna makumi anayi aja, ndipo mawu awo ankanjenjemera bwino ndithu.

Tamanda anaima pa khomo lalikulu, mayi Emma kumanja, a Hussein kumanzere, n'kutuma uthenga kwa wapampando. A Mulepa anatuluka akuyenda chammbali ngati munthu wochoka m'tchalitchi ulaliki uli mkati. Tamanda anatola kabokosi pa mpando wopanda munthu, anakatsegula, anakanda pansi pake n'kuwaonetsa chikhadabo. Kenako anawayandikizira pamphuno.

Mkuluyo anamva nkhani yonse maso ali pa chikhadabocho. Komiti yawo inali itapatsa a Namacha ndalama zogulira mphatso kwa osema ovomerezeka, za mtengo wina uliwonse kupatula mkungudza. Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi.

"A Sajeni, ndamva. Mwagwira ntchito. Koma tichite mwaulemu. Alendo akapita kukadya, Namachayo mumutengere pa khomo la kumbali, ine ndinena kuti wadwala. Timabokosi titolera mwakachetechete, tinena kuti pali cholakwika pa zilembo. Holoyi ikachita manyazi lero, si ine ndigone ndi njala, ndi anthu ali pa getiwo." Anatembenukira kwa mayi Emma. "Inu mayi, bwererani ku ntchito. Nyumba ndi yanu. Tiiwale."

Tamanda anaona kuti mawuwo ngoona. Mlandu sukanawonongeka podikira maola atatu, ndipo mayi Millie ndi malata awo anali m'maganizo mwake. Anatsala pang'ono kuvomera.

"Aphunzitsi," anatero mayi Emma, "ku msika akunditchula kuti mayi Tebulo. Dzulo mdzukulu wanga wabwera ku sukulu akulira, anzake akumufunsa ngati kwathu timadyera pa mkungudza. Kumpingo andiuza ndiyambe ndapuma ku kwaya. Zimenezo zitolereka mwakachetechete?"

"Zidzaiwalika, mayi."

"Za abwanawa ndiye zidzaiwalika, poti akudwala. Zanga ayi."

"Mayi Likaya, ganizirani Holo."

"Ndaiganizira ndi maondo zaka makumi awiri ndi ziwiri."

Anamanga chitenje n'kuyamba kuyenda pakati pa mipando. A Mulepa anayang'ana Tamanda kuti awagwire. Tamanda anafufuza m'mutu mwake lamulo loletsa wosesa kuyenda pa simenti imene amakolopa yekha, sanalipeze, ndipo anayamba kuwatsatira pambuyo, osathamanga.

A Namacha anawaona akubwera. Chiganizo chinawathera pakati. Anaphimba maikolofoni ndi dzanja n'kunong'ona kuti, "Emma, tuluka." Mayi Emma anachotsa dzanjalo monga amachotsera kapu pa tebulo akafuna kupukuta.

"Moni nonse alendo. Ine ndine Emma Likaya, wosesa muno. Tebulo limene abwanawa amakamba lija akuti ndinaba ine. Tebulolo lili m'manja mwanu, aliyense chidutswa chake. Tatsegulani, mununkhize."

Wotanthauzira, munthu wokhulupirika pa ntchito yake, anatembenuza zonse mpaka pa kununkhiza. Zivundikiro makumi asanu ndi limodzi zinatseguka, china pambuyo pa chinzake. Akatswiri a zankhalango a mayiko atatu analowetsa mphuno m'timabokosi. Mayi wina wa ku Zambia, amene anali ndi madigiri awiri a za mitengo, anadzutsa mutu n'kunena motsimikiza kuti ndi mkungudza, wakale kwambiri, ndiponso kuti muli parafini.

"Parafiniyo ndi wanga," anatero mayi Emma. "Zinazo afotokoze eni ake."

A Namacha anayang'ana kukhomo, kumene a Hussein anaima ndi malaya oyera. Wosemayo anakweza dzanja mwaulemu. "Moni, a Dayirekitala."

Tamanda anafika kutsogolo n'kuwagwira a Namacha pa chigongono. Anapempha alendo kuti aliyense asiye kabokosi pa mpando wake, popeza tsopano ndi katundu wa khoti. Ena anasiya monyinyirika.

A Mulepa anakwera pa nsanja thukuta lili kamukamu, n'kuweramira kwa mayi Emma. "Mwapambana, mayi. Tsikani tsopano."

"Sindinamve bwana aliyense akunena."

"Akunena chiyani?"

"Mukudziwa. Munali aphunzitsi."

Mkuluyo anayang'ana mbendera zitatu, anayang'ana alendo, anayang'ana mawindo, kumene amayi a pa geti anali atakanikiza nkhope pa magalasi. Anayandikira maikolofoni n'kulankhula mothamanga, chapansipansi, ngati mwana wobweza mawu atakakamizidwa.

"Komiti ya Holo ikulengeza kuti mayi Emma Likaya sanabe kanthu, ndipo ntchito ndi nyumba ndi zawo."

Mayi Emma sanasunthe. Analoza wotanthauzira, amene anali atatsalira ndi kamwa lotsegula.

"Bwerezani pang'onopang'ono, aphunzitsi. A ku Mozambique sanamve."